Mwana wa a Chilavati

Fungo la simbi ya makala ikamadutsa pa nsalu ya silika silinachoke m'mphuno mwanga mpaka lero. Kwathu ku Chulu linkamveka Lamulungu lililonse m'mawa, litasakanikirana ndi la fodya wouma, pakuti chigafa chathu choyanikamo fodya chinali pafupi ndi khonde, moti ngakhale madzi a mumtsuko ankakhala ngati akumveka fodya. Bambo anga ankayala bulangete lakale patebulo, n'kupemerera makala a m'simbi ndi chivindikiro cha poto, kenaka n'kutulutsa m'sutikesi nsalu yawo yofiira moderako, ya timadontho tachikasu. Malaya ndi thalauzi ankasita ndi amayi. Koma nsalu imeneyi ankasita okha, atayala kaye kansalu koyera pamwamba pake kuti isapse.

Dzina lake inali kalavati. Ankalitchula pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufuna kuti chilembo chimodzi chigwe panjira. Ankaipinda m'litali, n'kuizunguliza m'khosi, mbali imodzi n'kuidutsitsa pamwamba pa inzake, kenaka nsonga zonse ziwiri n'kuzilowetsa mkati mwa malaya. Batani lapamwamba sankamanga, ndiye inkangotukumuka pang'ono pansi pa chibwano. Ankaivala popita kutchalitchi, kuukwati ndi kumisonkhano ya makolo kusukulu. Kumaliro sankaivala, kumunda ndiye nkosayamba. Munthu akalakwitsa n'kuitcha tayi, ankamukonza mosakweza mawu. Ankati tayi imalendewera kunja kwa malaya ndipo imafinya khosi, pamene kalavati imalowa mkati ndipo munthu amapuma bwinobwino. M'dera lathu lonse munalibenso wina amene anali nayo, ndipo ine ndinkaganiza kuti chifukwa chake n'chakuti panalibe wina wofanana ndi bambo anga.

Ndinali mwana wawo wotsiriza, wobadwa iwo imvi zitayamba kale. Anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula, woyenda manja ali kumbuyo. Chimene ankadziwika nacho chinali kusankha fodya. Tsamba ankangolitambasula pa bondo, n'kuliyang'ana moyang'anitsa kudzuwa, basi adziwa kale mulu umene likuyenera. M'kalabu yawo ya alimi munthu sankasoka belo asanawaitane iwo, a Phiri, kuti adzaone, chifukwa ku okushoni amang'amba belo n'kusolola fodya wapakati penipeni, ndipo akapeza wosakaniza kapena chinthu chilichonse chimene si fodya, belolo amalibweza. Panali anthu ena odziwika ndi ukathyali, obisa masamba oola kapena miyala pakati. Mabelo a bambo anga anali asanabwezedwepo n'kamodzi komwe, ndipo amayi ankazinena zimenezi pamjigo mosabisa kunyada.

Chaka chimene ndikukumbukachi ndinali sitandade sikisi. Kunabwera mphunzitsi watsopano wochokera kuboma, a Nyirongo, mnyamata wa nsapato zonyezimira ngakhale m'fumbi la mwezi wa Juni, wovala tayi tsiku lililonse. Tonse tinkamugomera, koma ine ndinkaposa, pakuti ndinali wanzeru m'kalasi ndipo ndinkafuna kuti zimenezo azidziwe msanga. Ndinali ndi matama, ndisabise. Dzanja langa linkakhala m'mwamba funso lisanathe.

Tsiku lina m'mawa kukuzizira, tili pa phunziro la Chingerezi la mayina a zovala, a Nyirongo anagwira tayi yawo n'kufunsa ngati pali amene akudziwa chovala china cha m'khosi cha abambo. Ine ndinaimirira mtima uli m'malo, n'kunena mawu aja mmene bambo anga ankawanenera, pang'onopang'ono. Aphunzitsi anapendeketsa mutu n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

"Esinati, mawu amenewo kulibe," anatero. "M'Chingerezi mulibe, m'Chichewa mulibe. Wawatola kuti?"

Ndisanayankhe, Lufeyo, mnyamata wa kumbuyo amene ankabwereza kalasi kachiwiri ndipo sankadziwa kalikonse kupatula kuseketsa anthu, anakuwa ali chikhalire. "Aphunzitsi, akunena mpango umene abambo ake amamanga m'khosi! Koma si waung'ono ayi. Kakanakhala kakang'ono bwenzi kali kalavati. Chimene chija ndi chilavati!"

Kalasi inaphulika. Ena ankamenya madesiki, ena misozi ili chuchuchu. Zimenezo ndikanapirira, pakuti Lufeyo ankaseka aliyense. Chimene chinandilasa n'chakuti a Nyirongo nawonso anaseka, atatseka pakamwa ndi buku, mapewa akugwedezeka. Ndinakhala pansi makutu akutentha. Kwa nthawi yoyamba ndinawaona bambo anga ndi maso a anthu ena: nkhalamba ya kumudzi yomanga mpango wa azimayi m'khosi, n'kuupatsa dzina lopeka yokha.

Pofika nthawi yoweruka dzina linali litamera kale mizu. Bambo anga anasanduka a Chilavati, ine mwana wa a Chilavati. Anyamata ankang'amba masamba a nthochi n'kumanga m'khosi, n'kumayenda patsogolo panga manja ali kumbuyo, mitu ili m'mwamba, njira yonse yodutsa m'minda ya fodya imene inali itangotsala mapesi okhaokha. Ana aang'ono a sitandade wani ankamanga timapepala ta shuga n'kumati awo ndi tilavati. Kunyumba sindinanene kanthu. Koma Lamulungu lotsatira, fungo la simbi litayamba, ndinazembera kuseri kwa nyumba. Popita kutchalitchi ndinanamizira kuti minga yandibaya, n'kutsalira kumbuyo kuti anthu asatione tikuyenda limodzi. Bambo anga anaima kawiri kundidikira, kachitatu anangopitirira.

Kenaka ahedi analengeza za tsiku lotsekera sukulu. Anati makolo onse abwere, zotsatira za mayeso zidzawerengedwa pabwalo, ndipo ana atatu oyambirira m'kalasi iliyonse adzaimirira kutsogolo pamodzi ndi makolo awo. Ine ndinkadziwa kuti nambala wani ndi yanga. Ndinkadziwanso chimene bambo anga adzavale. Ndinkati ndikatseka maso, ndinkaona sukulu yonse ili pansi pa mitengo ya keshya, bambo anga akuyenda pang'onopang'ono kubwera kutsogolo, nsalu ija ili tukumu pakhosi, Lufeyo akuyambitsa chikhakhali. Ndinafika polakalaka kulakwitsa dala mayeso, koma matama anga sanalole. Ndinayesa kuwanyengerera amayi tikuswa mtedza, kuti mwina adada adzangovala malaya okha tsiku limenelo. Amayi anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti pakamwa ndili napo, ndikawauze ndekha. Nanga ndikanayambira pati?

Loweruka lina jeke ya kalabu, chida chopanikizira fodya, inafika pakhomo pathu pa ngolo, pakuti inali nthawi yathu yodinda mabelo. Kunali kozizira, milomo ili yong'aluka, kamphepo kakuulutsa fumbi ndi tizidutswa ta masamba pabwalo ponse. M'chigafa munali mdima wofiirira ndi fungo lokanda pakhosi. Bambo anayala chiguduli m'bokosi la jeke, ndipo ntchito yanga inali kuwapatsira ndindi, timitolo ta fodya tomangidwa kumitu, iwo n'kumaziyala mosamala, mitu kunja, nsonga mkati. Bokosi likadzaza ankatsitsa chitsulo n'kumapotokola, matabwa akulira, fodya n'kuphwa, kenaka n'kuyalanso wina. Amayi anali atapita kuchigayo.

Kalavati inali kale m'kati mwa diresi langa. Ndinaitenga m'sutikesi m'mawa womwewo ndikusesa kuchipinda, ndisanadziwe n'komwe chimene ndidzachite nayo. Kuitentha ndinkaopa. Kuiponya m'chimbudzi mtima sunalole. Kuibisa m'nyumba kunali kutaya nthawi, chifukwa amayi ankadziwa ngakhale pamene khoswe wabisa chitsononkho. Tili pakati pa belo lachitatu, munthu wina anaodira panja ndipo bambo anatuluka kukamulonjera. Ndinayang'ana m'bokosi muja. Mu nzeru zanga za sitandade sikisi, ndinaona kuti palibe malo abwino kuposa amenewo, pakuti fodya akakwera lole sabwereranso. Amapita kutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, kumene kulibe amene amadziwa Lufeyo. Zoti ku okushoni amang'amba mabelo ndinkazidziwa bwino lomwe, ndinakulira m'nkhani zimenezo, koma pa nthawi imeneyo sizinandidutse m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinakweza ndindi ziwiri, n'kuiyala pansi pake, n'kubwezeretsa. Bambo atalowa anapitiriza kuyala, n'kupotokola jeke ndi manja awo, kenaka n'kusoka belolo ndi kulemba nambala yawo pa chiguduli.

M'mawa mwake makala anapsa m'simbi mpaka kusanduka phulusa iwo akufunafuna. Anakhuthula sutikesi yonse pamphasa, anasuzumira kuseri kwa kabati, anakutumula mabulangete. Amayi ankatukwana makoswe. Atandifunsa ngati ndaiona, ndinapukusa mutu maso ali pa tsache. Belu loyamba la kutchalitchi litalira, anavala malaya awo n'kumanga mabatani onse mpaka lapamwamba. Khosi lawo linkaoneka lalitali ndi lowonda, la makwinya amene ndinali ndisanawaonepo. Tsiku limenelo ndinayenda nawo limodzi njira yonse, ndipo ndikuvomera ndi manyazi kuti mumtima ndinali wokondwa.

Lole inanyamula mabelo a kalabu yonse mkati mwa sabata imeneyo. Masabata anadutsa, ife tinalemba mayeso, ndipo ndinayamba kuiwala. Kenaka tsiku lina masana, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza ngolo ili pabwalo pathu, belo limodzi lili pansi, chiguduli chake chitang'ambidwa pambali n'kusokedwanso mwachisawawa. Panali a Chunga, wapampando wa kalabu, ndi azibambo ena anayi kapena asanu, njinga zawo atazitsamiritsa kunkhokwe. Bambo anga anali ataimirira manja ali kumbuyo. Ndinagwada kupereka moni, koma palibe anandiyankha bwinobwino. Ndinakakhala pakhonde pafupi ndi amayi.

A Chunga anatulutsa jumbo m'thumba la jekete n'kusololamo chinthu chokwinyika, chothimbirira ndi utomoni wa fodya. Madontho achikasu okha ndi amene ankaonekabe. Anafotokoza kuti ogula anachisolola pakati pa belo anthu onse akuona, ndipo chifukwa cha belo limodzilo mabelo ena a kalabu anawafufuza kwambiri ngati a anthu akuba. Anati anzawo a makalabu ena anawaseka. Sankakalipa, ankayankhula ngati munthu wopepesa maliro, ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa kukalipa.

"Ndi yanga," bambo anatero atailandira ndi manja awiri. "Iyenera kuti inagwera m'bokosi ndikudinda. Ndalakwa ndine, mundikhululukire."

"A Phiri," anatero mmodzi wa azibambo aja, "kodi masiku ano mukumadinda fodya mutatchena?"

Ena anaseka chamumtima, ena anayang'ana kumbali. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti bambo anga sankalowa m'chigafa ndi nsalu imeneyo. Ankadziwanso kuti tsiku lodinda pakhomopo panali anthu awiri okha. Ndinadikira kuti atembenuke andiyang'ane. Sanatembenuke. Anapinda nsaluyo kanayi n'kuiika m'thumba la malaya. A Chunga asananyamuke ananena, akuyang'ana pansi, kuti kalabu yagwirizana zoti kwa chaka chimenecho ntchito yoona mabelo a anthu aigwire kaye munthu wina. Bambo anavomera ndi mutu, n'kuwaperekeza mpaka panjira. Amati choipa chitsata mwini, koma changa chinandilambalala ine n'kukagwera bambo anga.

Masiku atatu otsatira tinamasula belo lija n'kuyambanso kusankha fodya yense, tsamba ndi tsamba, pakuti wina anali ataphwanyika paulendo. Ndinkaweruka kusukulu n'kuthamangira m'chigafa osatumidwa, n'kugwira ntchito mpaka zala kuda bii ndi utomoni. Ndinkayembekezera kuti andifunsa, ndipo ndinali nditakonza kale kulira kwake. Iwo ankangondipatsira masamba n'kumandionetsa kuti ili ndi la mulu uwu, ilo la mulu uwo, mawu awo ali momwe ankakhalira masiku onse. Ndikanakonda akanandikwapula.

Amayi ndi amene anayankhula, ndipo nawonso sanandifunse kanthu. Tinali awiri pamjigo, ine ndikupopa, iwo akutsuka ndowa. Anangoyamba kusimba ngati akuuza ndowayo. Anati ine ndisanabadwe, bambo anagwira ntchito zaka zambiri ku Halale, yoperekera zakudya m'hotela. Kumeneko ankawamangitsa katayi kakuda konga gulugufe, kamene sikanali kawo. Ankakalandira polowa ntchito n'kukabweza poweruka, ndipo akakhala atakavala aliyense ankawaitana ndi chala, ngakhale ana. Ankaona kuti alendo ena achikulire, tsiku lopuma, amakhala pakhonde atavala kalavati, osatumidwa ndi munthu. Mlendo wina ndi amene anawauza dzina lake. Tsiku limene anasiya ntchito analowa m'sitolo n'kugula yawo, ndipo sanaivale kumeneko. Anaisunga m'sutikesi mpaka chaka chimene anakolola fodya woyamba pamunda wawowawo. Amayi atafika pamenepo anasenza ndowa yawo n'kunyamuka, ine n'kutsala ndikupopa madzi akusefukira pansi.

Bambo anaichapa okha nsalu ija ndi sopo wonunkhira, kawiri konse, n'kuiyanika pamthunzi. Utomoni sunachoke wonse, koma inali yoti munthu akhoza kuvala. Ndinaiona ili pachingwe, ndipo ndinadziuza kuti akaivala pa tsiku lotsekera, ndidzaimirira pambali pawo, aseke amene aseke. Ndinkaona ngati imeneyo ndiye idzakhale kupepesa kwanga, kopanda mawu.

M'mawa wa tsikulo ndinali pakhonde ndikudzola mafuta m'miyendo. Bambo anatuluka atavala thalauzi ndi malaya oyera, batani lapamwamba lili losamanga, kalavati ili m'manja. Anakhala pa mpando wawo n'kundiitana. Ndinagwada pafupi.

"Esinati, mwanawe," anatero motsitsa, kuti amayi asamve. "Sukulu ndi yako, anzako ukuwadziwa ndiwe. Ndivale, kapena ndisiye?"

Yankho ndinali nalo, ndinali nditalikonza kwa masiku angapo. Koma nthawi yomweyo panjira panadutsa gulu la ana a sukulu akuphokosera, ndipo pakati pawo ndinamva mawu a Lufeyo. Ndinazyolika. Ndinayamba kukolopola dothi la pakhonde ndi chikhadabo. Sindinanene kuti avale, sindinanene kuti asiye. Anadikira kanthawi ndithu. Kenaka anaimirira n'kulowa m'nyumba, ndipo ndinamva sutikesi ikutsekedwa.

Kusukulu zonse zinayenda mmene ndinkafunira poyamba. Dzina langa linaitanidwa loyamba. Bambo anachokera kumbuyo kwenikweni kumene anakhala, n'kudzaima pambali panga, mabatani onse ali omanga ngati abambo ena onse. Palibe amene anaseka. Anthu anaomba m'manja, azimayi analulutira, a Nyirongo anawagwira chanza n'kuwayamikira kuti ali ndi mwana wanzeru. Bambo anathokoza mwaulemu, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Ine ndinalandira makope anga awiri ndi cholembera, maso ali pa nsapato zawo zafumbi, ndipo sindinamve kukoma kulikonse.

Patapita zaka, ndili ku sekondale, ndinawapeza mawu aja mu mtanthauziramawu wamkulu wa mulaibulale. Analembedwa mosiyana pang'ono ndi mmene tinkawatchulira, koma anali omwewo, ndipo tanthauzo lake linali ndendende zimene bambo ankanena: nsalu ya m'khosi ya abambo, yachikale, yolowetsa mkati mwa malaya. Ndinakopera papepala kuti ndikawaonetse pa holide. Nditafika kunyumba pepalalo linakhala m'thumba mpaka linafufutika, chifukwa kuwaonetsa kukanafuna kuti ndiyambire pachiyambi, ndipo mphamvu zimenezo ndinalibe. Sanaivalenso, ngakhale kutchalitchi. Chaka chotsatira a kalabu anayambanso kuwaitana kukaona mabelo, koma dzina la a Chilavati linawakakamira mpaka kumanda, ndipo ankavomera akaitanidwa nalo.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti tchimo langa lalikulu linali la m'chigafa, ndipo ndinkadzitonthoza kuti pakhonde paja sindinalakwe, popeza sindinanene kanthu. Ndinkaganizanso kuti anandifunsa chifukwa sankadziwa chochita. Lero ndili ndi ana angaanga, ndipo ndikuona kuti za belo anali atandikhululukira kale pamaso pa a Chunga, ndisanapemphe n'komwe. Munthu amene anakhala zaka zambiri akuuzidwa ndi ena chovala m'khosi sakanafunsa mwana wa sitandade sikisi chifukwa chosowa nzeru. Ankafuna kumva kuchokera pakamwa panga ngati ndinkachita nawo manyazi, ndipo ine ndinawayankha ndi chete uja.